Mawu a Yosefe musiyireni Yosefe

Pali mawu amene akhristufe timawakonda kwambiri pamaliro, ndipo ine ndikuona kuti tiwachepetseko: "Limbani mtima mayi, Mulungu ali ndi cholinga." Mayi wataya mwana dzulo lomweli, bokosi likadali m'nyumba, ife tafika kale ndi cholinga cha Mulungu m'manja ngati tinali nawo pamsonkhano wakumwamba. Sindikutsutsa kuti Mulungu amatulutsa chabwino m'zowawa. Zimenezo ndimazikhulupirira ndi mtima wonse. Chimene chimandivuta ndi liwiro lathu, komanso pakamwa pamene mawuwo akutulukira.

Taonani Yosefe, amene alaliki samulephera kumutchula nkhani ikakhala iyi. Pa Genesis 50:20 akuuza abale ake kuti iwo anamukonzera choipa, koma Mulungu anachisandutsa chabwino kuti anthu ambiri apulumuke. Vesi lokoma zedi. Koma tawerengani zaka. Anamugulitsa ali ndi zaka 17. Anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, atadutsa mu ukapolo, bodza la mkazi wa Potifara ndi ndende. Kenako panabwera zaka 7 za dzinthu, njala n'kuluma zaka 2, m'pamene anadziulula kwa abale ake. Apo n'kuti patapita zaka 22. Tsono mawu a m'mutu 50 aja anawanena bambo ake Yakobo atamwalira, ndipo Yakoboyo anakhala ku Igupto zaka 17. Ndiye kuti kuchokera m'dzenje muja kudzafika pa vesi limene timaliika pa WhatsApp panadutsa zaka pafupifupi 40. Ngakhale tsiku limenelo, abale ake atatumiza mawu opepesa, Baibulo likuti Yosefe analira.

Chinanso, ananena mawuwa ndi Yosefe mwiniwake. Tangoganizani akadakhala Yuda, amene anayambitsa nzeru yomugulitsa ija, n'kuimirira kuti, "Waona mphwanga? Tikadapanda kukugulitsa ukadakhala nduna iwe?" Kumeneko kukadakhala kumunyogodola. Komatu zoterezi zikuchitika pakati pathu. Achibale a mwamuna alanda mayi wamasiye nyumba, mbuzi ndi makina osokera. Patapita zaka mayi uja wadzuka ndi geni yake, ana aphunzira, olanda omwe aja n'kumati, "Mwaona alamu, zonse linali dongosolo la Mulungu." Ayi ndithu. Kulanda chuma cha masiye ndi tchimo, ndipo ku Malawi kuno ndi mlandu malinga ndi lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye. Mulungu akatulutsa chabwino m'choipa sindiye kuti wavomereza choipacho.

Nanga cholingacho chikafika chimaoneka bwanji? M'mapemphero ambiri masiku ano umboni ndi wakuti ndinkayenda wapansi, lero ndili ndi galimoto, adani anga achita manyazi. Tiyamike, galimoto si tchimo. Koma Paulo pa 2 Akorinto 1:4 akunena zina. Akuti Mulungu amatitonthoza m'masautso athu kuti nafenso tithe kutonthoza amene ali m'masautso. Maso a Paulo ali pa mnzathu amene akadali m'dzenje, osati pa adani.

Ambirife timadziwa St John of God ngati malo othandiza odwala matenda a m'maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma mwini dzinalo ndi ochepa amene amadziwa mbiri yake. Anabadwira ku Portugal mu 1495. Anawetapo nkhosa, anakhalapo msilikali, kenako ankagulitsa mabuku mumzinda wa Granada ku Spain. Ali ndi zaka zopitirira 40 anamva ulaliki wa wansembe John wa ku Avila, ndipo unamulasa mtima mpaka anayamba kuyendayenda m'misewu akulira ndi kudziguguda pachifuwa. Anthu anati wapenga. Anamutsekera m'chipatala cha mfumu, kumene odwala misala nthawi imeneyo ankawamanga ndi kuwakwapula poganiza kuti ndiye mankhwala. Iye zonsezo anazilawa pathupi pake. Munthu wina akadatuluka n'kulumbira kuti sadzayandikiranso chipatala. Iyeyu anapeza nyumba mumzinda womwewo n'kuyamba kutola odwala ndi osauka m'misewu, ena kuchita kuwabereka kumsana, usiku n'kumayenda ndi dengu kuwapemphera chakudya. Anamwalira mu 1550. Abulazala amene anapitiriza ntchito yake ndi omwe anadzafika nayo kuno, ndipo lero ikuthandiza anyamata athu amene chamba ndi kachasu zawasokoneza mitu.

Palibe amene angayamike amene ankamukwapula aja. Koma munthu amene anagonapo atamangidwa amadziwa chimene wodwala akumva pamene ena onse akumuseka, ndipo zimenezo sakaziphunzira kusukulu ya ubusa.

Kwathu konkuno, mayi Vera Chirwa anaweruzidwa kuti aphedwe, anakhala m'ndende zaka zopitirira 11, ndipo amuna awo a Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Atatuluka mu 1993 anayambitsa bungwe loteteza ufulu wa anthu la Malawi CARER, pambuyo pake n'kumayendera ndende za m'mayiko a mu Africa kukaona mmene akaidi akusungidwira. Anabwerera dala kumalo kumene anazunzikira.

Si tonse tidzayambitse bungwe, ndipo si zofunika. Mayi amene anapitapo padera kangapo ndi amene amayambirira kufika kwa mtsikana amene mimba yangochoka, ndipo amadziwa zoti asanene. Bambo amene wakhala akumwa ma ARV zaka zambiri amakhala pabenchi ya kuchipatala pambali pa mnyamata amene wangolandira zotsatira, n'kumuuza kuti, "Tandiyang'ana ine, ndili moyo." Pamenepo palibe maikolofoni, palibe ojambula.

Tivomerezenso kuti zowawa zina tanthauzo lake silidzaoneka pansi pano. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa. Alipo amene anatsala okha pabanja lonse. Munthu wotere akanena kuti sakuona cholinga chilichonse, musamutche wopanda chikhulupiriro. Yobu mpaka kumapeto sanauzidwe chifukwa chimene anavutikira. Anzake atatu aja anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osanena kanthu. Atangotsegula pakamwa kufotokoza maganizo a Mulungu ndi pamene analakwa, ndipo Mulunguyo anawakalipira. Yesu pamanda a Lazaro ankadziwa bwino lomwe kuti amuukitsa, koma analira kaye.

Inu amene bala likadali laliwisi, musalole kuti akukankhireni kuguwa kukachitira umboni musanapole, chifukwa choti nkhani yanu idzadzaza tchalitchi. Muli ndi ufulu wolira, wokwiya, ngakhale womufunsa Mulungu mafunso, pakuti Masalimo ambiri akadafufutidwa kukadakhala kuti zimenezi n'zoletsedwa. Tsiku lonena kuti Mulungu anasandutsa choipa kukhala chabwino mudzalidziwa nokha, ndipo mudzanena ndinu.

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi atsogoleri a m'miphakati, munthu akakuuzani kuti tulo sakutiona, chakudya sichikulowa, kapena akuganiza zodzipha, musangomudzudzula kuti ndi ziwanda. Mupempherereni, inde, kenako mukwere naye minibasi kupita kuchipatala. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a m'maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma muli anamwino amene anaphunzira ntchito imeneyi.