Amene anapanga Batman wa 1966 ankadziwa chimene akuchita

Pali chizolowezi pakati pa okonda mafilimu a Batman a masiku ano chonyoza sewero la pa wailesi ya kanema la mu 1966, lija Adam West ankavala zovala zothina zotuwa posewera ngati Batman, Burt Ward ali pambali pake ngati Robin, mthandizi wake. Amati linali lachibwana, ndipo amene analipanga anasandutsa chidole ngwazi imene inayenera kuopedwa. Ine sindikugwirizana nawo, makamaka nditaonera magawo angapo posachedwapa pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga wa zaka 7. Pamene Batman ndi Robin anamangidwa pa makina a chigawenga gawo n'kuthera pomwepo, mwanayo anagwira mkono wanga mwamphamvu n'kundifunsa kuti, "Amalume, afa kodi?" Ine nthawi yomweyo nthiti zinali kuwawa ndi kuseka. Tinkaonera chinthu chimodzi, iye akuona zoopsa, ine ndikuona nthabwala, ndipo zoterezi sizichitika mwangozi.

Sewerolo linayamba kuonetsedwa pa wailesi ya ABC ku America pa 12 Januwale 1966, ndipo linatha mu Malichi 1968 litakwanitsa magawo 120. Mkulu wa ntchito yonse anali William Dozier, amene mawu ake ndi omwe amamveka akufotokoza nkhani kumayambiriro ndi kumapeto kwa gawo lililonse. Dozier sanali munthu wowerenga timabuku ta zithunzi ta Batman, ndipo atatiwerenga anaona kuti akuluakulu sangakhale pansi kuonera nkhani yotere pokhapokha itakokomezedwa mpaka kufika poseketsa. Amene anaika maganizowa papepala anali Lorenzo Semple Jr., yemwe analemba magawo oyamba n'kukhazikitsa kalembedwe kamene alembi ena anatsatira. Mfundo yake inali yovuta kuposa mmene imamvekera: zochitika zikhale zopanda nzeru, koma ochita sewero asaonetse ngakhale pang'ono kuti akudziwa zimenezo.

Apa ndi pamene ndimamulemekezera Adam West. Munthu aliyense angathe kuseketsa anthu pokwinya nkhope kapena kudzigwetsa, koma kulangiza Robin za kufunika komanga lamba wa m'galimoto pamene akuthamangitsa chigawenga, ndi mawu odekha ngati a m'busa pa maliro, osamwetulira ngakhale kamodzi, limenelo ndi luso. Akanangotsinzinira diso owonera kamodzi kokha, mwana uja akanazindikira kuti akunamizidwa, ndipo wamkulu akanasiya kuseka.

Taonani mmene ankajambulira awiriwa akukwera khoma la nyumba yosanja ndi chingwe. Khomalo linali logonekedwa pansi, kamera n'kuitembenuza chammbali, ndipo iwo ankangoyenda chowerama atagwira chingwe, nsalu zawo zakumsana zitakokedwa kuti zioneke ngati zikulendewera. Ali pakati pa ulendowo, zenera linkatseguka, munthu wotchuka monga Sammy Davis Jr. kapena Jerry Lewis n'kusuzumira kuti acheze nawo. Wamkulu aliyense amaona chinyengocho, ndipo opanga sewerolo ankafuna kuti achione. Chimodzimodzinso ndi Cesar Romero, amene anakana kumeta ndevu zake za pamlomo posewera ngati chigawenga chotchedwa Joker, kotero kuti anangozipaka utoto woyera pamwamba. Mukayang'anitsitsa mumaziona bwinobwino pansi pa utotowo. Pojambula m'phanga la zigawenga kamera ankaipendeketsa dala, popeza eni malowo anali anthu okhota.

Zigawengazo ndi zimene zinkanyamula magawo ambiri. Burgess Meredith anali Penguin, Julie Newmar anali Catwoman, ndipo Frank Gorshin, ndi kuseka kwake kokhala ngati kwa munthu wozungulira mutu, anafika poikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Emmy, ya masewero a pa wailesi ya kanema, chifukwa cha udindo wa Riddler. M'chaka chomaliza udindo wa Catwoman unapita kwa Eartha Kitt, mayi wachikuda, pa nthawi imene anthu akuda sankapatsidwa kawirikawiri malo otere pa kanema wa ku America. Nyimbo yotsegulira inapekedwa ndi Neal Hefti, ndipo galimoto ya Batman George Barris anaikonza kuchokera ku galimoto ya Lincoln Futura ya 1955 imene anagula ku kampani ya Ford pa dola imodzi, n'kudzaigulitsa mu 2013 pa madola oposa 4 miliyoni.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Mu 1966 ndi kumayambiriro kwa 1967 sewerolo linkaonetsedwa kawiri pa sabata, Lachitatu ndi Lachinayi, kotero kuti gawo loyamba linkasiya anthu m'malere ndipo lachiwiri linkamasula. Pofika mu Seputembala 1967 linkaonetsedwa kamodzi kokha, ndalama zinachepa, malo ojambulira anayamba kuoneka osalongosoka, ndipo ngakhale kubwera kwa Yvonne Craig ngati Batgirl sikunathe kubweza owonera amene anali atatopa ndi nthabwala yomweyomweyo. Otsutsa akaloza magawo amenewo, ndimavomera. West nayenso analipira mtengo waukulu, chifukwa kwa zaka zambiri opanga mafilimu sankamuona ngati munthu wina koma Batman basi, ngakhale kuti atamwalira mu Juni 2017 ali ndi zaka 88, mzinda wa Los Angeles unawalitsa chizindikiro cha Batman cha mleme pa nyumba ya khonsolo pomukumbukira.

Chimene chimandipweteka pa nkhani yonseyi si kunyozedwa kwa sewerolo ayi, koma dzina limene silinkaoneka poyambira gawo lililonse. Batman anatuluka koyamba mu 1939, ndipo kwa zaka zambiri ulemu wonse unkapita kwa wojambula zithunzi Bob Kane yekha, pamene mlembi Bill Finger ndi amene anathandiza kwambiri kuumba maonekedwe a ngwaziyi, dzina lake lenileni la Bruce Wayne ndi mzinda wake wa Gotham. Finger analemba nawo nkhani imodzi ya magawo awiri m'sewero la 1966, ya chigawenga chotchedwa Clock King, ndipo pamenepo dzina lake linaonekera ngati mlembi wamba wolembedwa ganyu pa munthu amene iye mwini anamulenga nawo. Anamwalira mu 1974 ali wosauka, ndipo kampani ya DC, imene imasindikiza timabuku ta Batman, inayamba kumutchula ngati mmodzi wa olenga Batman mu 2015, patadutsa zaka 41 chimwalirireni.