M'bale wagwa, inu mwatulutsa foni

Ndakwiya, ndipo lero sindibisa mawu. Loweruka usiku m'gulu la WhatsApp la mpingo wathu munalowa kanema. M'bale wathu wina, amene tonse tikudziwa kuti anasiya mowa chaka chatha mpaka anaimirira kutsogolo kupereka umboni, wagona m'mbali mwa ngalande pafupi ndi shabini ina. Nsapato imodzi yavuka, malaya ali fumbi lokhalokha, akuyesa kudzuka koma mawondo akukana. Wojambulayo akumveka akuseka, ndipo mawu akewo tonse tawazindikira, ndi munthu wa mpingo wathu womwewu. Sanawerame kuti amudzutse. Sanaitane kabaza kuti akamusiye kunyumba. Anaima chilili, n'kuyandikitsa foni kuti nkhope ioneke bwino, kenako n'kutumiza m'gulu lomwe timatumiziranamo mavesi m'mawa uliwonse. M'gulu limenelo mulinso mkazi wa munthuyo.

Ndiye muone ndemanga zake. "Ndinanena ine." "Amenewa sanatembenuke, ankangotinamiza." Wina mpaka anakumba vesi, 2 Petro 2:22, ati galu wabwerera ku masanzi ake, n'kuikapo tizithunzi toseka. Baibulo likuchedwa kutsegulidwa pofuna kulimbikitsa munthu, koma pofuna kumulasa vesi likupezeka nthawi yomweyo, chaputala ndi ndime yake osaphonya.

Abale anga, kodi Mkhristu akagwa ntchito yathu ndi kujambula? Ndikufunsa inu amene munaseka, ndi inu amene munatumiza kanemayo kwa ena, ndi inunso amene munangoonera n'kukhala chete ngati sizikukukhudzani. Munthu wagwa, wagweratu pansi penipeni m'fumbi, ndipo Mkhristu woyamba kufika pamalopo anatambasula dzanja la foni m'malo mwa dzanja lodzutsa. Ichi ndicho chikundiwawa. Mowawo ukundiwawa, inde, koma foniyo ikundiwawa koposa.

Tsegulani Genesis 9 muwerenge nokha. Nowa, munthu amene Mulungu anamusankha pakati pa dziko lonse kuti apulumuke chigumula, atatuluka m'chingalawa analima munda wa mphesa, anamwa vinyo, analedzera, n'kugona ali mbulanda m'hema mwake. Hamu ataona anathamangira panja kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, anachiika pamapewa awo, n'kulowa chafutambuyo nkhope zitayang'ana kwina, anafunditsa bambo awo osaona umaliseche wawo. Amene anadalitsidwa ndi awiri ofunditsa aja. Nkhani imeneyi tinaiphunzira tili ana ku Sande sukulu, koma Loweruka lija m'gulu monse munalibe ndi mmodzi yemwe wonyamula chofunda. Tonse tinathamangira panja kukauza ena.

Musandimve molakwa n'kuyamba kundilembera kuti ndikuikira kumbuyo uchidakwa. Tchimo ndi tchimo. Mowa wagwetsa mabanja m'dera lathu lino, ana agona ndi njala chifukwa cha kachasu, amayi amenyedwa, maliro tawaika. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti koma womwewo unangosamukira m'timabotolo, ndipo ukupezeka pangodya iliyonse pamtengo woti ngakhale wa ganyu akwanitsa. M'bale wathuyu ntchito inamuthera miyezi iwiri yapitayo. Zifukwa ndi zimenezo, ndipo sindikhalitsapo. Funso langa ndi limodzi lomweli: atagwa, ife tinachita chiyani?

Inu amene simunalimbanepo ndi chizolowezi, mukuganiza kuti kusiya mowa ndi nkhani yongokweza dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso basi n'kutheratu. Munthuyu njira yake yopita kunyumba imadutsa pa shabini yomwe anamwapo zaka zambiri. Madzulo alionse anzake akale amamuitana ndi dzina, "Abusa, tabwerani mudzangolawako." Fungo lokha limamutsata mpaka pakhomo. M'mawa manja amanjenjemera mpaka kapu ya tiyi kuigwira ndi manja awiri. Tsiku lililonse kwa chaka chathunthu munthu ameneyu ankadutsa pamenepo n'kukana. Tsiku lililonse! Masiku onse amene anakanawo palibe anamujambula. Palibe anatumiza m'gulu kuti taonani m'bale wathu wadutsa pa shabini osalowa, tiyeni tithokoze Mulungu. Tsiku limodzi lokha limene wagonja ndiye kamera ilipo, bandulo ilipo, nthawi ilipo.

Paulo mtumwi, wolemba makalata ambiri a m'Chipangano Chatsopano, akunena yekha pa Aroma 7 kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sakuchifuna ndicho amachita. Nkhondo imeneyi ili mwa Mkhristu aliyense wopuma mpweya. Amene akuti iye alibe ndi wabodza, ndipo 1 Yohane 1:8 ikunena zomwezo. Miyambo 24:16 ikuti wolungama amagwa kasanu ndi kawiri n'kudzukanso. Wolungama, osati wachikunja. Ndiye inu mukudabwa chiyani kuti munthu amene anabatizidwa wagwanso? Chodabwitsa n'chakuti anthu obatizidwa aima momuzungulira n'kumaseka.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Basi. Palibenso chofotokoza pamenepa.

Ndipo tisanamizane, kusiyana kwa m'bale uja ndi ambiri amene anaseka n'kwakuti tchimo lake limadzandira mumsewu masana, pomwe lawo limavala suti. Mowa umaoneka, umanunkha, umagwetsa munthu m'ngalande anthu akuona. Nanga chibwenzi chamseri chomwe nambala yake munaisunga m'foni ndi dzina la makaniko? Nanga ndalama ya ndiwo imene imathera kubetcha mpira, mwalumbira kangati kuti aka n'komaliza? Nanga zithunzi zolaula zomwe mumafufuta Lamulungu m'mawa n'kuzifunanso Lachiwiri? Nanga inu amene masana muli pa pemphero la kuphiri, usiku muli kwa sing'anga kukafuna mankhwala a bizinesi? Nanga kachiphuphu ka kuofesi, komwe munalapa pa Pasaka n'kukalandiranso mwezi usanathe? Konseku ndi kubwerera m'mbuyo. Konseku ndi kugwa. Kungoti palibe anakujambulani.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 77 pa 100 alionse m'dziko muno ndi Akhristu. Dziko lomweli ndi lomwe mu 2013 linaona ndalama za boma zikusololedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate, zipatala zilibe mankhwala. Mukuganiza kuti matchalitchi athu ndi odzaza ndi anthu osagwa? Ndi odzaza ndi anthu akugwa mwakachetechete, ophunzira kubisa bwino. Ndipo amabisa chifukwa aona zomwe timachita ndi amene waonekera. Tili ngati nkhuku m'khola, ina ikangotuluka magazi zonse zimathamangira kukaijompha pabala pomwepo mpaka ife. Ndani angayerekeze kuuza mnzake wa mumpingo kuti m'bale, ndikulimbana ndi chakuti, ndipempherereni, pamene akudziwa kuti pofika madzulo nkhaniyo ikhala itafika kwa amayi onse a m'chigawo, yokutidwa ndi mawu akuti "tiwapempherere"? Miseche yathu tinaibatiza n'kuitcha nkhani ya pemphero.

Yakobo 5:16 ikuti tiziululirana machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Tiululirana bwanji ndi anthu ogwira foni?

Taonani Petro. Anayenda ndi Ambuye zaka zitatu, analumbira kuti ngakhale onse athawe iye sathawa, usiku womwewo anawakana katatu, akuotha moto, mpaka kudzitemberera. Yesu atauka anamupeza kunyanja ya Tiberiya, anamukonzera nsomba ndi mkate pamakala, anadya naye, kenako n'kumufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumupatsanso ntchito yoweta nkhosa. Werengani Yohane 21. Petro yemweyo ndiye analalikira pa Pentekoste anthu pafupifupi 3,000 n'kubatizidwa. Ndipo nkhani yake sinathere pomwepo, chifukwa ku Antiokeya anaterereranso, anayamba kupewa kudya ndi Akhristu a mitundu ina poopa anthu, mpaka Paulo anamudzudzula. Koma onani mmene anamudzudzulira pa Agalatiya 2: pamaso pake, maso ndi maso, mwini wake ali pomwepo akumva. Sanayembekeze kuti achoke n'kuyamba kumudya. Petro akanakhala wa mpingo wathu uno, bwenzi kanema wake akukana Yesu pamoto paja akuzungulirabe mpaka lero, ndipo palibe akanamulola kugwiranso Baibulo kutsogolo.

Mateyu 18:15 ndi yomveka ngakhale kwa mwana: m'bale wako akachimwa, pita ukamuuze muli awiri, iwe ndi iye. Akakana, tenga mmodzi kapena awiri. Mpingo wonse umabwera kumapeto, zina zonse zitakanika. Ife tatembenuza. Timayamba ndi gulu lonse, kenako dera lonse, kenako Facebook, mwini wake amamva komaliza. Agalatiya 6:1 ikuti wina akagwidwa m'cholakwa, inu auzimu mum'bweze mofatsa, ndipo mudziyang'anire nokha kuti mungayesedwenso. Mum'bweze. Liwu lakuti mum'jambule mulibemo m'menemo, ndayang'ana.

Tsono Lamulungu m'bale uja sanabwere kutchalitchi. Akanabwera bwanji? Mkazi wake anabwera, anakhala kumapeto kwa benchi, mutu uli pansi, chitenje atadziphimba nacho mpaka m'masaya, ndipo anatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mwana wawo wamkulu ali kusekondale, ndipo kanemayo anzake akusukulu ali naye kale. Mwana ameneyo analakwa chiyani? Inu munaseka mphindi imodzi, mwanayo adzayenda ndi manyazi amenewo teremu yonse. Ndipo ndikuuzeni, anthu okhawo amene atsegulira m'bale uja chitseko sabata ino ndi a pa shabini paja. Kumeneko palibe amufunse kuti umboni uja unathera kuti. Amukokera benchi, amupatsa kapu. Ife tamukankhira komweko ndi manja athu, ndiye mawa tidzaima pamaliro ake n'kumati mowa ndi woipa.

Akulu ampingo, inunso ndili nanu mawu. Ndikudziwa kuti nkhaniyi ifika kubwalo lanu, ndipo m'baleyu mumudula, asiye kudya mgonero kwa miyezi yakutiyakuti. Chilango cha mpingo sindikutsutsa, chili ndi malo ake. Koma pa miyezi imeneyo adzapita kunyumba kwake ndani? Ndani adzamuperekeze madzulo kuti asadutse yekha pa shabini paja? Ndani adzamufunse ngati kunyumba kuli ufa? Nthawi ya zopereka za chitukuko nyumba yake mumaidziwa, simusochera, mumafika ndi kope ndi cholembera. Munthu akadulidwa njira yomweyo imamera udzu. Ndipo wojambula uja, iye mumuitana liti? Kapena kuchititsa manyazi m'bale pamaso pa mkazi wake ndi ana ake si tchimo m'mabuku mwanu? Woledzera adulidwe, wojambula akhale kutsogolo akuimbitsa nyimbo, zoona zimenezo?

Timakonda kuwerenga manja pa misonkhano yachitsitsimutso. Anthu mazanamazana apereka moyo wawo kwa Yesu, aleluya, zithunzi pa Facebook. Lolemba likafika anthu amenewo ali okhaokha ndi ludzu lawo lomwe lija, ngongole zawo za katapila zomwe zija, anzawo omwe aja. Palibe wowatsata. Akagwa timati sanatembenuke zenizeni, n'kusamba m'manja. N'zosavuta kutero, chifukwa tikanena kuti anatembenukadi koma tinamusiya yekha, mlandu ubwera kwa ife.

Inu amene mudakali ndi kanemayo m'foni, fufutani. Lero, osati mawa. Ndipo ngati muli ndi mphamvu yotumiza uthenga, tumizani kwa mwini wakeyo, mumufunse ngati wadzuka bwanji. 1 Akorinto 10:12 ikuchenjeza amene akudziyesa kuti waima kuti asamale angagwe, ndipo chenjezo limenelo ndi la inu ndi ine, osati la amene ali kale pansi.

Pomwe ndayamba kale kuyankhula, ndinenenso izi. Khalidwe lomweli ndi lomwe timachita ndi atsikana athu. Mtsikana wa kwaya akatenga mimba, dzina lake limalengezedwa kuguwa, yunifolomu amalandidwa, amakhala kumbuyo mimba ili poonekera, amayi akumuloza ndi milomo. Mimbayo anadzipatsa yekha? Mwamunayo nthawi zambiri timamudziwa, ena ndi apabanja, ena ali ndi maudindo mumpingo momwemo, ena ndi omwe amagula zokuzira mawu ndi malata a tchalitchi. Ameneyo dzina lake silimveka kuguwa, amangoti nkhaniyo akulu akuiona. Akuiona mpaka mwana wabadwa, mpaka wayamba kuyenda, bamboyo akadali pampando wake wakutsogolo, Lamulungu lililonse ndi amene akuyendetsa mbale ya chopereka.