Khirisimasi ya banja lalikulu ku Mzuzu, ku Lundazi ndi ku Mbeya

Pakhomo pathu ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, timakhala anthu 14, kuwerengera ana a malemu achimwene, agogo aakazi ndiponso anyamata awiri akumudzi amene anabwera kudzaphunzira sekondale. Tsiku limayamba ndi pemphero la 5 koloko m'mawa, wina akukoleza mbaula, ndipo limatha ndi nyimbo ya Chitumbuka imene agogo amatsogolera, ngakhale kuti enafe m'nyumbamo timalankhula Chichewa. Alongo anga anakwatiwa ku Lundazi, m'dziko la Zambia, pamene mkazi wa mng'ono wanga kwawo ndi ku Mbeya, ku Tanzania, kotero ndadyapo Khirisimasi m'maiko onse atatu.

Ku Lundazi munthu wa ku Mzuzu saona zachilendo zambiri. Mpingo wa CCAP wa kumeneko unaphuka kuchokera ku Livingstonia kudzera ku mishoni ya Chasefu, ndipo unakhala sinodi paokha mu 1984, motero nyimbo ndi kayendetsedwe ka mapemphero n'zofanana ndi zathu. Patebulo palinso mpunga ndi nkhuku. Kusiyana kuli ku boma: Frederick Chiluba, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo kuyambira mu 2015 pa 18 Okutobala ndi tchuthi cha mapemphero. Komabe pa 26 Disembala, ife tikupuma, alamu anga a kumeneko amalawirira kuntchito.

Ku Mbeya ndi kumene ndinabwerako ndi maganizo. Banja la alamu anga limapemphera ku mpingo wa Moravian, umene unafika ku Rungwe mu 1891, ndipo mapemphero a tsikulo amatalika chifukwa cha makwaya. Chakudya chake ndi pilau, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama ndi zonunkhiritsa, komanso nthochi zophika, zimene kwathu kuno timazidziwa kwa anthu a ku Karonga. Koma chimene chinandigwira mtima si mphika ayi. Abale onse, a ku Dar es Salaam ndi a kumudzi omwe, amayamba kusonkha ndalama mwezi wa Okutobala, zimene iwo amatcha michango, ndipo mlongo wamkulu amalemba dzina la aliyense ndi zimene wapereka. Pofika Disembala mbuzi imakhala itagulidwa kale, ndipo palibe nyumba imodzi imene imalira yokha.

Kwathu kuno katundu yense amagwera munthu amene ali pantchito m'tauni, ndipo amagwa pa nthawi yoipa, pakuti Disembala ndi mwezi wa feteleza, chimanga chatha m'nkhokwe, ndipo fizi ya ana ikudikira mu Januwale. Chaka chatha, titaweruka kutchalitchi kumene ana athu anachita sewero la kubadwa kwa Yesu, mwana wamng'ono atafunda nsalu ya amayi ake ngati mbusa, tinapeza pakhonde pali abale amene sanatumize uthenga, mpaka tonse tinakwana 23. Tinali ndi nkhuku ziwiri zachikuda ndi mpunga wa Kilombero makilogalamu 5. Ndinaona mayi a kunyumba akudulanso nthuli zimene anali atadula kale, ndipo iwo, mvula ikugwa pamalata, anadyera mpunga ndi msuzi wokha kukhitchini. Alendo anapita akuyamika kuti Mulungu wadalitsa nyumba ino.

Sindinganene kuti njira ya ku Mbeya ilibe chilema. Chaka chimene ndinali kumeneko, msuweni wina wa alamu anga sanabwere ku chakudya chifukwa dzina lake linalibe ndalama m'kaundula, ndipo anachita manyazi. Kwathu munthu wotere akanangofika, n'kusamba m'manja, popanda womufunsa. Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti kusonkha kuli bwino, chifukwa ufulu wathu wofika osaitanidwawu amaulipira ndi mayi mmodzi amene sadya nyama.

Ndinakaitula nkhaniyi pa msonkhano wa banja mwezi wa Seputembala, ndipo azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. "Mwana wa achimwene, kodi Khirisimasi yasanduka chipereganyu tsopano?" Ndinawayankha kuti, "Ayi azakhali, wosowa adzadya ngati kale, koma amene ali nako kangachepe athandize." Tinagwirizana kuti buku likhalepo, koma azilisunga ndi mayi a kunyumba okha, osaliwerenga pagulu. Mpaka lero mwalembedwa maina 9. Azakhali anakana kuti dzina lawo lilowemo, koma sabata yatha anatumiza tambala pa minibasi yochokera ku Ekwendeni, ndipo tamumangirira kuseri kwa khitchini.