Miyendo ikatupa, lekani kuthamangira mphini

Ana anga a kuno ku Kasungu, khalani pansi ndikutsineni khutu.

Alamu anga kwa Santhe anatha miyezi itatu akugona chokhala, atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akati agone chagada ankabanika. Nsapato zinakana kulowa, mpaka kutchalitchi ankapita ndi patapata. Nditadina chala pamsongolo pawo, panatsala kadzenje ngati ndadina mtanda wa nsima. Achibale anati ndi tsempho, ena anati aponda mankhwala m'munda wa fodya. Anawatema mphini miyendo yonse, m'mabalamo n'kumangochucha madzi. Kuchipatala anatiuza kuti mtima wafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi akudzadza m'mapapo ndi m'miyendo. Gwero lake linali BP imene anawapeza nayo kalekale, iwo n'kumati munthu wolima sadwala zimenezo.

BP ikamakhala pa 140/90 kapena kuposa, mtima umagwira ganyu yolemetsa usana ndi usiku mpaka kutheratu mphamvu. Shuga, kuchepa magazi ndi kachasu amene mumamwera ndalama za fodya za ku Chinkhoma nazonso zimaufooketsa. Mayi amene wangobereka akayamba phuma ndi kutupa, musamati ndi uchembere chabe. Ndiponso mwana akamadwaladwala zilonda zapakhosi inu n'kumangomupatsa panado, tizilombo toyambitsa zilondazo tikhoza kudzamuwonongera zitseko za mumtima, n'kukhala wobayitsa jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri.

Koma chimene chandilembetsa ndi khalidwe lanu pa mankhwala. Kuchipatala amakupatsani furosemide, uja mumati Lasix, kuti madzi atuluke. Inu mwati lero kuli maliro, mawa ndikwera minibasi ya ku Lilongwe, ndingachite manyazi ndi kukodzakodza. Mwadumphitsa. Miyendo ikangophwa, mapiritsi onse mwaponya pawindo, ati ndachira. Mwachira chiyani? Kuphwako ndi ntchito ya mankhwalawo, mtima ukadali womwewo. Enalapril ndi spironolactone sakupatsirani kukoma, amapeputsa katundu wa mtima kuti mukhale ndi moyo zaka zambiri. Enalapril ena amawatsokomoletsa chifuwa chouma, n'zoona. Kauzeni adokotala akusinthireni, osati kusiya mwakachetechete. Woyembekezera asamwe enalapril, ndiye lekani kugawana mapiritsi ngati mtedza.

Msana ukawawa mumathamangira kuokala kukagula brufen, diclofenac kapena indocid. Amenewo amasunga madzi m'thupi ndi kupweteka impso, kotero kwa wodwala mtima ndi adani.

Za mchere, makolo aja sanalakwitse kuuopa, kungoti ife timafufuza amene wathira m'malo mofunsa kuti wathira wochuluka bwanji. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi. Inu mumphika mwathira, m'mbale mwathiranso, therere ladzadza soda, kanyenya wa pamsika mukuchita kumuviika mumchere.

Munthu akamadzuka pakati pa usiku akuwefuka, kapena kutsokomola thovu, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti amalume abwere adzagamule. Pezani njinga, galimoto, chilichonse, apite.

Alamu aja nsapato akuvalanso, ndipo akugona pamkeka ngati anthu. Kabuku kawo ka kuchipatala ndimasunga ndine, ndipo tsiku la sikelo ya BP ndimakawatenga ndekha, chifukwa ndimawadziwa.