Asiyeni madala a Museo Rosenbach aimbe zatsopano

Bandi yakale ikangobwererana, sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Akufunanso chiyani madalawa? Ndalama zawathera basi." Ena amalolera pang'ono, amati abwerere koma azingoimba zakale zomwe tinazikonda, zatsopanozo azisiyire anyamata. Ine zimenezi ndimazikana kwamtuwagalu, ndipo imandiumitsa mutu chonchi ndi nkhani ya Museo Rosenbach.

Anyamatawa anali a ku Bordighera, katauni ka m'mphepete mwa nyanja ku Italy, kufupi ndi malire a France. Mu 1973 anatulutsa chimbale chotchedwa Zarathustra kudzera ku kampani ya Ricordi. Inali nyengo imene progressive rock inali itagwira moto ku Italy, mabandi monga Premiata Forneria Marconi, Banco del Mutuo Soccorso ndi Le Orme ali pachimake. Amene simunaumvepo mtundu uwu wa nyimbo, musayembekezere vesi ndi kolasi ya mphindi zitatu. Nyimbo yoyamba pa chimbalechi imadya mbali yonse ya rekodi, mphindi pafupifupi 20, yogawidwa m'zigawo zisanu. Imayamba mwakachetechete, kenako ng'oma za Giancarlo Golzi zimagwa ngati mvula ya mabingu, mawu osasa a Stefano Galifi n'kukwera pamwamba pake. Pansi pa zonsezo pamalira Mellotron, kiyibodi imene mkati mwake muli timatepi tojambulidwa kale. Ukadina kiyi imodzi, katepi kake kamayenda masekondi pafupifupi 8 n'kutha, ndiye woimba amayenera kunyamula chala n'kudinanso. N'chifukwa chake kulira kwake kumamveka ngati kukupuma. Ine ndikangomva pamenepo thupi limachita tsembwe.

Tsono chinachitika n'chiyani? Pachikuto cha chimbalecho panali zithunzi zodulidwadulidwa n'kumatidwa pamodzi, ndipo chimodzi mwa izo chinali cha mutu wa Mussolini, wolamulira wankhanza wa chipani cha ma fascist amene analamulira Italy kale. Mawu a nyimbozo anachokera ku maganizo a Nietzsche, katswiri wa filosofi wa ku Germany amene a Nazi anapotoza zolemba zake n'kumazigwiritsa ntchito. Italy ya zaka zimenezo inali pamoto, mabomba akuphulika, achinyamata a mbali ziwiri za ndale akuphana m'misewu. Bandiyo anaimata dzina loti ndi ya ma fascist, wayilesi ya boma ya RAI inakana kuulutsa nyimbo zake, chimbale sichinagulidwe, ndipo pasanapite nthawi bandi inatha. Golzi anakapezeka ku Matia Bazar, gulu la nyimbo za pop limene linatchuka kwambiri. Enawo anangoti zii.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, anzanga. Anthuwa sanasiye kuimba chifukwa nzeru zinawathera. Anawatseka pakamwa ali anyamata, atangolankhula kamodzi kokha. Chimbale chomwe chinakanidwa chija lero anthu okonda nyimbozi padziko lonse amachiika m'gulu la zimbale zapamwamba kwambiri zochokera ku Italy, ndipo rekodi yoyambirira ya 1973 imagulidwa ndalama zoopsa. Ndiye munthu wotere akabwera tsitsi litachita mbuu n'kunena kuti ndili ndi mawu ena, ife ndife yani kuti timuuze kuti ayi agogo, bwerezani omwe aja?

Sindikunena kuti chilichonse chimene madala atulutsa n'chokoma. Mu 2000, Golzi ndi woimba besi Alberto Moreno anatulutsa Exit pansi pa dzina lomweli, Galifi palibe. Chimenecho sichinandigwire mtima, chinafewa kwambiri. Mu 2012 anajambulanso Zarathustra yonse, Galifi atabwerera, ndipo ngakhale inamveka bwino, funso langa linali lakuti n'kubwerezeranji chinthu chimene chinapsa kale. Koma mu 2013 kunabwera Barbarica, nyimbo zisanu zatsopano, zolemera, magitala aukali, zokamba za nkhondo ndi za dziko limene anthu tikuliwononga. Mawu a Galifi anali atakalamba, inde, sakwera pamene ankakwera kale. Koma kusasa kwake kunawonjezeka, ndipo munthu wa zaka zimenezo akamaimba za nkhondo umamva kuti waika maliro ambiri. Mnyamata wa 1973 uja sakanatha kuimba choncho. Mu 2013 momwemo bandiyo inakaimba ku Japan, kumene anthu anasunga nyimbo za ku Italy zimenezi nthawi imene eni ake anali ataziiwala.

Golzi anamwalira mu 2015. Akanamvera aja oti zakale zakwana, bwenzi ng'oma zake zomaliza ndi bandi imeneyi kulibe.

Ndipo si iwo okha. Maxophone ya ku Milan inatulutsa chimbale chimodzi mu 1975, chachiwiri n'kudzabwera mu 2017, patatha zaka 42. Banco inataya woimba wake Francesco Di Giacomo pangozi ya galimoto mu 2014, chaka chotsatira woimba gitala Rodolfo Maltese nayenso anatisiya, koma mtsogoleri wa bandiyo, Vittorio Nocenzi, sanatseke chitseko. Anatulutsa Transiberiana mu 2019 ndi woimba watsopano Tony D'Alessio. Abale a ku Zambia nkhani yotere mukuidziwa bwino: WITCH, bandi ya Jagari Chanda, inakhala zaka zambirimbiri ili chete, osonkhanitsa marekodi akunja n'kuifukula, mpaka inatulutsa Zango mu 2023. Chosangalatsa n'chakuti amene anajambula filimu ya mbiri yawo, Gio Arlotta, ndi wa ku Italy komweko.

Pali funso limodzi limene ndimavomereza kuti n'lolemera: pakatsala munthu mmodzi kapena awiri a poyamba, enawo ndi ana obadwa bandi itatha kale, dzinalo likadali lawo? Ena amati kumeneko n'kugulitsa dzina. Ine muyeso wanga ndi wakuti tione chimene akuchita nalo. Ngati akungozungulira m'maholo kuimba nyimbo zomwezomwezo, chaka ndi chaka, kuti anthu akumbukire unyamata wawo, pamenepo ndiye akudya dzina. Koma wolemba zatsopano akuliika dzinalo pachiswe, chifukwa akudziwa kuti tiyerekeza ndi chimbale chimene timachilemekeza kale, ndipo ambiri tinena kuti sizikufikapo. Moreno ankadziwa zimenezi polemba Barbarica, ndipo ankadziwanso kuti ogula ndi ochepa, poti nyimbo zotere sizilemeretsa munthu masiku ano. Oti amabwerera chifukwa cha ndalama aja andiuze kaye kuti ndalamazo zili pati.

Barbarica siiposa Zarathustra, ndipo sindikhulupirira kuti eni ake ankaganiza kuti iiposa. Koma ndimaimvera mpaka kumapeto osadumpha nyimbo, zomwe sindichita ndi zimbale zambiri za anyamata amene akutengera kaimbidwe ka 1973 lero.