Tomato wa pa Lizulu ndi mfutso wa ku Lusaka

Mukaima pa Lizulu madzulo, nyengo imene tomato wachuluka, mudzaona amayi akusankha wophwanyika m'madengu n'kumutaya kuseri kwa mabenchi. Pamenepo msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Ntcheu, mbali inayo Mozambique, ndipo tomato amaola chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Kafukufuku wa mu 2011 wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha dziko lapansi limangowonongeka. Ku Ulaya chambiri amataya chitafika kale m'sitolo ndi m'nyumba. Kuno chimawonongeka chisanafike n'komwe mumphika.

Kunena za sukulu, ife Amalawi sitinachepekedwe. Mwana amayamba phunziro la ulimi ku pulayimale mpaka kukalilemba pa MSCE. Bunda yaphunzitsa akatswiri kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo lero ndi LUANAR, pamodzi ndi koleji ya NRC komwe kumachokera alangizi ambiri. Tili ndi malo a kafukufuku wa ulimi ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Koma kumbukirani zimene munaloweza: kutalikirana kwa mizere, mbewu zingati paphando, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Zonsezo n'zapamunda, ndiponso n'za chimanga. Ngakhale tikafika pa kasungidwe, nkhani imakhala ya anankafumbwe, mankhwala othira m'matumba, ndi matumba a PICS aja anachokera ku kafukufuku wa yunivesite ya Purdue ku America. Matumbawo ndi abwino ndithu. Nanga mayi wa tomato, wa kabichi, wa mango a Disembala, phunziro lake lili kuti?

Ku Zambia sukulu zake n'zofanana ndi zathu: yunivesite ya UNZA ndi koleji ya NRDC ku Lusaka, makoleji a ulimi ku Monze ndi Mpika, malo a kafukufuku a Mount Makulu ndi Msekera ku Chipata. Sindikhulupirira kuti aphunzitsi awo amaposa athu, ndipo pamsika wa Soweto ku Lusaka ndiwo zamasamba zimaola milumilu ngati kwathu konkuno. Chimene chimandichititsa kaduka n'chakuti kumeneko anthu ena a bizinesi anasanduka okha alangizi. Mayi Sylvia Banda anayamba ndi malo odyera, kenaka anatsegula Sylva Food Solutions. Iwo anayamba kuphunzitsa alimi kuumitsa ndiwo mwaukhondo m'zoumitsira za dzuwa, n'kumawagula ndiwozo, kuziika m'mapaketi n'kukagulitsa m'masitolo. Ndiwo zake ndi zomwe tikuzidziwa: nkhwani, umene iwo amati chibwabwa, khwanya, kholowa. Kunena mosabisa, ndi mfutso! Womwe uja agogo ankafutsa, kuyanika pamphasa n'kumanga m'chikwatu cha masamba a msuku, ife n'kumauona ngati ndiwo za osauka. Nawo a bungwe loteteza zachilengedwe la COMACO kuchigawo chakummawa kwa Zambia amachita zofananako: amaphunzitsa mlimi, amamugula mtedza, n'kupanga chiponde cha It's Wild! Mlimi amamvera phunziro msanga ngati woliphunzitsayo ndiye adzabwere ndi sikelo.

Kwathu si kuti kulibiretu. Malawi Mangoes ku Salima imagula ndi kukonza mango, ndipo magulu ena a amayi amapanga jamu ndi juwisi. Koma n'zochepa, ndipo zambiri zimayenda pamene pulojekiti ili moyo. Galimoto ya bungwe ikasiya kubwera, choumitsira chija nkhuku zimayamba kugonamo.

Za ku Mozambique ndinene mwachidule. Angónia ndi Tsangano n'kwachonde, kozizira bwino, ndipo mbatatesi yambiri imene timagula m'mbali mwa msewu uja imachokera kumeneko. Ku Ulongué kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze. Vuto lawo lina ndi chilankhulo: wophunzira amalemba kafukufuku wake m'Chipwitikizi, pamene mlimi amene akumufufuzayo amalankhula Chichewa ngati ife. Apatu tisaseke, poti wathunso amalemba m'Chingerezi, bukulo n'kukagona mulaibulale ku Bunda.

Ndikanakhala ndi mawu pa silabasi, ndikanati wophunzira aliyense wa zaulimi asalandire digiri asanakhale mwezi wathunthu pamsika kapena m'khitchini ya lesitilanti, ali ndi sikelo ndi kope, kuyeza zimene zikutayidwa tsiku ndi tsiku: tomato ndowa zingati, nsima mitanda ingati imene ikupita kwa woweta nkhumba. Ayambire pa Lizulu pomwepo, ayeze mbali zonse ziwiri za msewu.