Njovu ya ku Zanzibar yomwe inandidetsera shati

Mwezi wathawu mlamu wanga amanyamuka ulendo wake woyamba wopita ku Dar es Salaam. Usiku woti mawa lake akwera basi anandionetsa foni yake, ndipo munali mndandanda wa anthu 23 oti akawagulire "kenakake ka kunja". Azakhali, apongozi, anzake a kuntchito, a kukwaya, mpaka mnyamata amene amamumeta. Nditamuuza maganizo anga anaseka, amvekere: "Alamu, inu ndinu oumira basi." Mwina ndinedi woumira, koma tandimverani kaye.

Ine ulendo umenewu ndinayendapo. Kuwoloka pa Songwe, kudutsa Kyela ndi Mbeya, kuchezera m'basi msana uli gwa mpaka ku Dar es Salaam, kenako boti la maola awiri kukafika ku Zanzibar. Nanenso ndinali ndi mndandanda wanga m'thumba, ndipo unkandivutitsa kuposa zoti ndikagona kuti.

Ku Stone Town, tawuni yakale ya ku Zanzibar, tinjira take n'topapatiza moti mwambiri galimoto silowa, mumangopatukirana ndi njinga zamoto. Mashopu a alendo andandalikana khomo ndi khomo, ndipo ukalowa asanu waona onse. Tinjovu takuda, timikango, mikanda ya Amasai, maginito omata pafiriji, tokolekera makiyi. Nthawi imeneyo sindinadzifunse funso losavuta ili: kodi njovu ku Zanzibar yatani? Pachilumbapo palibe njovu, palibe mkango. Amasai kwawo ndi kumtunda, cha ku Arusha uko mpaka ku Kenya. Zambiri mwa zinthuzi zimachita kubwera pa boti ngati mmene ndinabwerera ine, zina zochokera kutali kwambiri kuposa Dar.

Ndinagula njovu imodzi, yakuda bii, yonyezimira. Wogulitsa analumbira kuti ndi mpingo weniweni, womwe kwathu kuno timati phingo. Anayambira pa mashilingi 60,000, ine n'kumukokera pansi mpaka 20,000, ndipo ndinatuluka mushopumo ndikudzimva kuti ndine dolo. Ndinaikulunga mu shati langa loyera kuti isathyoke chitamba. Kutentha kwa kunyanja kuja mukukudziwa, thukuta silikuuma pathupi. Nditabwerera ku Dar n'kutsegula chikwama, shati lonse linali makala okhaokha. Njovu ija anangoipaka polishi ya nsapato. Nditakanda ndi chikhadabo kumimba kwake, munatuluka mtengo woyera, wopepuka ngati wa bokosi la tomato.

Mnzanga wina wokhala komweko ataiona anaseka mpaka misozi, kenako anandikweza bajaji kupita nane ku Mwenge, kumsika wa osema ziboliboli. Kutsogolo kuli mashopu ngati kwina kulikonse. Koma ukazungulira kuseri umapeza amuna atakhala pansi, zipalapasa zili mbwee, phokoso la kasemasema lili go go go. Apa m'pamene ndinaona koyamba chipika cha phingo chisanasemedwe: kunja kwake n'koyera motuwira chikasu, mkati mwake ndiye mwakuda. Bambo wina wachikulire, atapanikiza chosema chake ndi phazi, anandipatsa kachidutswa kuti ndinyamule. Kanali kolemera ngati mwala. Anatola kena n'kukaponya m'ndowa ya madzi, kanamira pompo. Njovu yanga ikanayandama ngati chitsekerero cha botolo.

Mtengo umenewu sukula msanga. Umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ufike poti n'kudulidwa, ndipo ndi womwewu umene ku Ulaya amapangira zitoliro zodula monga clarinet ndi oboe. Ndiye munthu akamakupatsa njovu yonse ya phingo pa mtengo wa nkhuku imodzi, wakunamiza kale usanayambe n'komwe kunenerera.

Luso la pa Mwenge lili ndi eni ake, Amakonde, ochokera kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania cha ku Mtwara. Iwowa ndiwo amasema ziboliboli zomwe amati ujamaa, anthu ambirimbiri okwerana pamapewa, wina atasenza mtsuko, wina atabereka mwana, onse otuluka mu chipika chimodzi popanda kumata paliponse. Palinso zina amati shetani, mizimu yokhotakhota ya maso otong'oka, zoti ukaika pabalaza agogo sangalole kugona m'nyumbamo.

Bambo aja anali atangomaliza ka ujamaa kakang'ono, kotalika ngati mkono wanga kuchokera pa chigongono. Ndinafunsa mtengo. Atatchula, ine ndi chizolowezi cha ku Zanzibar chija ndinadula katatu n'kutchula gawo limodzi. Sanakwiye. Anangondifunsa kwathu, ndipo nditati ku Malawi anagwedeza mutu n'kunena kuti kwanu kulinso osema, ndiye undiuze wekha kuti ichi chatenga masiku angati. Ndinachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Ndinakumbukira anyamata a pa positi ofesi ku Old Town ku Lilongwe, a m'mbali mwa msewu wotsikira ku Nkhata Bay, ndi osema a ku Mua. Ndi kangati ndinapsa mtima poona mlendo wovala kamera yodula akukanganirana kandalama kochepa ndi mnyamata yemwe watha sabata yathunthu akusema mpando wa mfumu? Tsiku limenelo mlendo uja ndinali ine.

Musandimve molakwa, kunenerera si tchimo. M'misika ya kumeneko ukalipira mtengo woyamba osanena kanthu, ngakhale wogulitsayo amakuona ngati wabalalika. M'shopu ya alendo, momwe katundu ndi wofanana ndi wa khomo lotsatira, nenerera mpaka pakamwa paume. Koma ukaima pamaso pa munthu amene zala zake zili ndi zipsera za chinthu chomwe ukufunacho, tsitsa pang'ono mwaulemu, akakana usiye pomwepo. Ndalama yomwe ukulimbira imeneyo madzulo ukaimwera soda pahotela osaganizako kawiri. Bambo aja anandichotserako pang'ono okha, ndinalipira, ndipo theka la mndandanda wanga linafera pomwepo.

Nkhani ya apongozi ndiye inatsala pang'ono kundithetsera banja. Ndinawagulira kanga, nsalu ya amayi a kumeneko yomwe imagulitsidwa ziwiriziwiri zolumikizana. Ndinasankha chifukwa cha maluwa ake, osalabada mawu a Chiswahili olembedwa m'munsi mwake. Kanga iliyonse imakhala ndi mawu, ndipo amayi a kugombe amayankhulana ndi nsaluzi: ina ndi yothokoza, ina ya chikondi, ina ndi yolasa mnzako osatsegula pakamwa. Mwamwayi mayi wina wogwira ntchito pomwe ndimagona anaiona pabedi n'kundifunsa kuti ndagulira ndani. Nditati apongozi, anagwira pakamwa. Mawuwo anali onyogodola munthu wokonda kulowerera za m'nyumba ya eni. Tangoganizani ndikupereka imeneyo nditagwada, kenako mayi wina wodziwa Chiswahili n'kuwawerengera ku chinkhoswe! Mawa lake ndinapita ku Kariakoo, kumsika waukulu wa mu Dar, kukasankha ina ya mawu a madalitso, nditafunsa anthu awiri osiyana kuti andimasulire. Mukamagula muziyang'ananso m'mphepete mwa nsalu, chifukwa zambiri zimadindidwa ku India, pomwe zina ndi za mafakitale a ku Tanzania komweko. Za zitenje wamba ndiye musadzivutitse n'komwe kunyamula. Zomwezo zadzaza ku Taifa Market ku Mzuzu, ndipo amene mukumupatsayo mwina anagula kale chake sabata yatha.

Zojambula za Tingatinga ndinaziona paliponse, mbalame ndi nyama za mitundu yowala. Mwini dzinali, Edward Saidi Tingatinga, anayamba kujambula mu 1968 pogwiritsa ntchito penti wa njinga pa timatabwa ta siling'i, ndipo anamwalira mu 1972 atawomberedwa ndi apolisi. Zaka zinayi zokha, koma lero chigawo chonse chikudyera dzina lake. Ophunzira ake ndi omwe anawatsatira ali ndi kopaletivi yawo ku Oyster Bay mu Dar, komwe umapeza munthu burashi ili m'manja. Ndinakafika ndalama zitatha, ndinangoonerera n'kubwerako, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti 20,000 ija inapita ku njovu ya polishi.

Nanga anthu a pa mndandanda aja ndinawatani? Yankho linali m'chikwama kale, mosadziwa. Tsiku lomaliza ku Zanzibar ndinalowa mumsika wa Darajani, momwe eni mudzi amagula ndiwo, n'kutsatira amayi ogula zokometsera. Ndinagula karafuu, tonunkhira tija tooneka ngati timisomali, pamodzi ndi sinamoni ndi zothira mu tiyi ndi mu mpunga. Izi ndiye za kumeneko zenizeni, makamaka karafuu yemwe amalimidwa kwambiri pa chilumba cha Pemba. Nditafika kunyumba ndinagawa m'timapepala, aliyense kake. Azakhali anandiimbira foni patatha mwezi kufunsa ngati katsalako. Palibe anandiimbirapo chifukwa cha chokolekera makiyi.

Chomwe sindingakhudze ngakhale atandipatsa ulere ndi zigoba za m'nyanja, matanthwe a pansi pa nyanja aja, chigoba cha kamba, ndi chilichonse choyera chomwe wogulitsa akukunong'oneza kuti ndi mnyanga. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Pa chipata sadzakufunsa ngati unagulira azakhali.

Ka ujamaa kaja kali pamwamba pa kabati mpaka pano, ndipo mlendo aliyense amafuna kukanyamula kuti amve kulemera kwake. Njovu ija imagwira chitseko cha kukhitchini mphepo ikamawomba. Shati silinayerenso.

Mlamu wanga wabwerako Lachiwiri. Wagula maginito a pafiriji 23, onse ofanana, a chithunzi cha phiri la Kilimanjaro lomwe sanalione n'komwe. Yanga ndamata pafiriji, nditachotsa kapepala ka "Made in China" kuseri kwake kuti mlongo wake asakaone.